Pepala la mu Jekete ya a Nakhumwa

Nchilamwela, Thyolo
Lamulungu masana

Mwana wanga Wilisoni,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kumtsinje kukachapa malaya ako oyera aja, amene wawachapa kale kawiri sabata yomwe ino. Mawa Lolemba ukwera sitima pa Khonjeni kupita ku Blantyre kukayamba ukalaliki kwa maloya. Ndikadakuuza pakamwa, koma ukudziwa mmene zimathera. Ndikayamba kulankhula amayi ako amati, "Kwezani mawu, bambo a Wilisoni," iwe umati, "Ndamva kale, ababa," basi nkhani yafera pomwepo. Pepala sungalidule mawu. Uwerenge mpaka pansi, usalumphe mizere ngati mmene umawerengera Masalimo.

Chandilembetsa ndi zimene unanena Lachinayi pamaso pa atsibweni ako a Lupiya. Unati, "Musadandaule atsibweni, ndikangolowa mu ofesi muja ndikasanthula m'mabokosi mwakachetechete. Maloya sataya kanthu. Linzake la pepala lathu ndikalipeza, ndibwera nalo m'thumba." Atsibweni ako anaomba m'manja, amayi ako analulutira. Ine ndinangoyang'ana pansi. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikukulipirira sukulu kuti ukayambe ntchito ndi umbava? Usakatenge kanthu m'bokosi la eni, Wilisoni. Ndibwereza mawu amenewa kangapo, chifukwa ndikukudziwa.

Vuto lathu sindikulichepetsa. Esiteti yagulidwa ndi kampani, ndipo manijala watsopano watipatsa notisi: tsiku lomaliza la Seputembala lisanadutse tionetse pepala la maekala asanu ndi atatu tikukhalapowa, apo ayi tiyambe thangata ngati ena onse kapena tisamuke. Kuchokera lero atsala masiku 61. Pepalalo lili m'manda pamodzi ndi agogo ako a Nakhumwa. Atsibweni ako akuti tikafukule, ndipo alankhula kale ndi amuna awiri a ku Khwethemule amene saopa zoterezi. Amayi ako akuti wofuna kukumba ayambe wakumba msana wawo, chifukwa iwo akagona pamtumbira. Zonsezi ukuzidziwa. Chimene sukudziwa ndi mmene tinafikira pamenepa, ndipo njira yonseyo mapazi ake ndi anga.

Ndiyambe ndi dzina. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene mwini esiteti woyamba anamwalira, uja tinkamutcha Bwana Chifuwa chifukwa cha kutsokomola. Agogo ako anamuphikira zaka 21. Bwanayo anasiya wilo kwa maloya omwewo ukupitako, ndipo m'wilomo analemba kuti khukhi wake apatsidwe malo ano osalipira kanthu, akadzamwalira akhale a ana ake, ndiponso azilandira mapaundi asanu chaka chilichonse kuchokera pa ndalama zimene anasungitsa kwa maloyawo. Koma analemba kuti "Jemusi, khukhi wanga." Bwana Chifuwa khukhi aliyense ankamutcha Jemusi, kuti asamavutike ndi maina athu. Tsiku loitanidwa, pakhonde la maloya panafika a Jemusi atatu: agogo ako, nkhalamba ina ya ku Khonjeni imene inaphika miyezi isanu ndi umodzi kalekale, ndi wina wachitatu amene ankangotsuka mbale koma anati nayenso ankaitanidwa choncho. Chiphaso cha msonkho cha agogo ako chinati Nakhumwa. Kalata ya ubatizo inati Petulo. Jemusi sanapezeke paliponse koma m'buku langa la malipiro a antchito a pa esiteti, mmene ndinakhala ndikulemba dzinalo zaka khumi ndi chimodzi. Agogo ako anandipemphapo tsiku lina kuti, "Akamwini, bwanji osalemba dzina langa lenileni?" Ine ndinati, "N'chimodzimodzi, apongozi, ndalama yake ndi yomweyo." Chimodzimodzi ameneyo anatidyera miyezi isanu ndi iwiri khoti lisanatsimikize. Chinatipulumutsa ndi chipsera cha mpeni pa chala chawo chachikulu, chimene chinkaoneka pa chidindo chilichonse m'bukumo. Tsono iwe, munthu akakhala patsogolo pako umufunse maina onse: la kwawo, la kumpingo, la pamsonkho, ndi limene mzungu anamupatsa. Ulembe onse anayi. Inki ndi ya ofesi, si yako.

Chachiwiri ndi makalata. Chaka choyamba ndalama inabwera mapaundi anayi, masheleni 16 ndi makobiri asanu ndi atatu. Ndinawerenga katatu pa mphasa, agogo ako akuyang'ana. Panaperewera masheleni atatu ndi makobiri anayi. Ine ntchito yanga ndi sikelo ndi pensulo, kobiri likasowa chakudya sichindikomera. Ndinalemba kalata yaulemu kufunsa. Anayankha mwaulemu kuti ndalamayo inachotsedwa malinga ndi dongosolo la ofesi. Ndinalembanso kufunsa dongosolo lake liti. Anayankhanso. Ndinalemba kanayi konse, iwo osatopa kuyankha, ine n'kumanyadira kuti azungu ophunzira akundilembera. Chaka chachiwiri ndalama inabwera mapaundi anayi, masheleni atatu ndi makobiri anayi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti kalata iliyonse yochoka kwa loya ili ndi mtengo wake, masheleni atatu ndi makobiri anayi: imodzi yoperekeza ndalama, zinayi zoyankha ine. Agogo ako anati, "Akamwini, mukalembanso kamodzi tiyamba kuwatumizira ndife." Anthu anaseka mpaka kusikelo, akazi otchola tiyi n'kumandifunsa kuti moni wanga ndi masheleni angati. Maloyawo sanabe, mtengo wawo unali wolembedwa. Koma panalibe mmodzi wotiuza, ndipo kalaliki amene ankataipa makalatawo anali munthu wakuda ngati iwe. Munthu asanatsegule pakamwa mu ofesi mwanu, umuuze kuti kufunsa kuli ndi mtengo, ndipo ndi wakuti. Ukumva, Wilisoni?

Chachitatu ndi kumasulira, ndipo apa ukhale tcheru, chifukwa ntchito imeneyi akupatsa ndithu. Chaka chachitatu, oyeza malo atamaliza, anatiitana kukatenga pepala la maloli. Tinakhala pakhonde kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi. Womasulira anali bambo wina wovala tayi yofiira, amene ankatidutsa ngati ndife mipando. Titalowa, loya, mzungu wamtali wa magalasi, anatambasula pepala lokhuthala lokhala ndi chidindo chofiira. Agogo ako anaimirira, navula chipewa, nalankhula nthawi yaitali, Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe monga ankachitira akakhudzidwa. Anafotokoza mmene anawolokera kuchokera kwa Apwitikizi ndi mphasa yokha, mmene analili wopanda nthaka yoti aikidwemo, ndipo pomaliza anafunsa kuti, "Nanga chinthu chotere ndikachisunga pati? Kwathu kuli chiswe, kuli moto, kuli ana." Watayi uja anatembenukira kwa loya nati m'Chingerezi, "Akuti zikomo." Mawu onse aja anasanduka awiri. Usadzachite zimenezo, mwana wanga. Nkhalamba ikalankhula mtunda wautali, iwe uyende nayo mtunda wonsewo, chifukwa funso lake limakhala kumapeto.

Koma watayi ndisamusenzetse yekha. Loya uja, popinda pepalalo, ananena yekha kuti angathe kutisungira m'bokosi lawo lachitsulo pa kamtengo kochepa pachaka. Watayi sanamasulire. Ine ndinamva, Chingerezi changa n'chochepa koma chimenecho ndinachimva bwinobwino. Ndinakumbukira masheleni atatu ndi makobiri anayi aja, ndinakumbukira kusekedwa kusikelo, ndipo ndinatseka pakamwa. Sindinafunse n'komwe kuti kamtengoko ndi kangati. Tinatuluka ndi pepala m'manja, ine n'kumadziona wochenjera kuti lero satidyera.

Tsopano ndifike pa chimene sindinauzepo munthu. Patapita masiku asanu ndi anayi chibwerereni ku Blantyre, ndinapeza agogo ako kuseri kwa nkhokwe ali ndi singano, akusokerera pepalalo m'kati mwa jekete yakuda imene Bwana Chifuwa anawapatsa. Anali a luso pa singano, msoko wake sukadauona. Atandiona anati, "Akamwini, maso anu aona, pakamwa panu pasaone. Lupiya akadziwa akalipereka kusitolo kwa Mmwenye kusinthitsa ndi njinga." Ndinavomera. Jeketeyo ankaivala Lamulungu lokha, ndipo ankanena poyera kawirikawiri kuti, "Tsiku langa likadzafika mudzandiveke imeneyi, ndikafike kwa Mulungu ngati munthu wa ntchito." Tonse tinkaseka. Ine ndinkaganiza kuti nthawi ilipo yoti ndidzawakumbutse. Inalipodi, zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinaigwiritse ntchito ngakhale tsiku limodzi, poopa kuoneka ngati mkamwini akuwerengera apongozi ake masiku.

Anamwalira Lachitatu loyamba la Marichi, zaka zinayi zapitazo, iwe uli kusukulu ya ku mishoni. Adzukulu anasambitsa thupi naliveka jekete monga mwini ananenera. Ine ndinali panja ndi amuna anzanga. Ukudziwa malo a mkamwini pamaliro a kuchikazi: amatema nkhuni, amatunga madzi, salamula kanthu. Ndinadzilimbitsa mtima mpaka pamene ankati atseke bokosi. Ndinasendera kwa mkulu wa adzukulu ndi kunena kuti, "Pepani, m'jeketemo..." Amayi a mvano anali pakati pa nyimbo, mawu anga ukuwadziwa, sanamve. Ndinabwereza. Atsibweni ako anatembenuka, maso ali psuu ndi kulira, nafunsa mokweza kuti, "Alamu akuti chiyani kodi?" Nyimbo inaima. Mudzi wonse unandiyang'ana. Ndinaona m'maganizo mwanga mkamwini akung'amba chovala cha maliro pamaso pa ana a malemu, kufuna pepala la chuma thupi lisanalowe m'nthaka, ndipo ndinamva kale zimene akadanena za ine mpaka imfa yanga. Ndinati, "Ayi, palibe." Anakhoma misomali isanu ndi itatu. Ndinaiwerenga.

Pambuyo pake tinagwedeza nyumba yonse kufuna pepalalo, tinasasula denga, tinakumba pansi pa mtsuko. Ine ndinafuna nawo, Wilisoni. Ndinakwera padenga ndi kusasula udzu ndikudziwa kuti mulibe. Patapita milungu itatu amayi ako ndiwo anakumbukira okha kuti jekete ija inkalira tswatswa akamaipinda. Analira tsiku lonse akudziimba mlandu kuti, "Ndine chitsiru, ndinaichapa ndi manja angawa kolala yokha, bambo ankakana kuti ndiiviike, osaganiza bwanji?" Mpaka lero amati kulakwa ndi kwawo. Ine ndakhala ndikuwatonthoza kuti palibe akadadziwa.

Zinapitirira. Mu Epulo maloya analemba kuti ana a malemu abwere ndi pepalalo pasanathe miyezi itatu, alembemo maina awo. Ndinawerengera abale. Atsibweni ako anati, "Za chuma cha bambo tikamba tikachita sadaka, tikakolola. Mzimu usanagone tiyambe kugawana? Azungu adikire." Akulu onse anavomereza, ndipo mwa mwambo wathu sanalakwe. Koma kalendala ya loya sidziwa sadaka. Ine ndinkadziwa zimenezo, ndinati ndinene, kenaka ndinangolowetsa kalatayo m'Baibulo pa buku la Yobu. Mzere umodzi wopempha kuti atidikire ukadakwanira, koma ndinaumira masheleni atatu ndi makobiri anayi a yankho. Ndinafika ku Blantyre nditachedwa ndi masiku 41. Iwe ukakaona munthu wa kumudzi wachedwa pa nkhani ya maliro, usakamukalipire. Ukamufotokozere bwana wako kuti kwathu wakufa amayamba wagona, chuma pambuyo. Ndipo polemba kalata yoika malire a masiku, uonjezere m'Chinyanja kuti amene sangathe atumize mawu.

Loya wa magalasi sanakwiye kwambiri. Anangoti, "Chabwino, pepala lili kuti?" Watayi anamasulira, ulendo uno mawu onse. Ndinayang'ana mabuku ofika kudenga, makina otaipira, mzungu wa kolala youma, ndipo ndinalephera kunena kuti tinakwirira pepala la boma pamodzi ndi munthu. Ndinaona m'maganizo mwanga watayi akukasimba kwa anzake kuti Alomwe a ku Thyolo atumiza chikalata kumwamba. Ndinati, "Ndaliiwala kunyumba, bwana." Anati ndikabwere nalo. Chaka chotsatira ndinapitanso, nditatsimikiza mtima kuti ndikanena zoona, ndipo pakamwa panga panatuluka kuti lili ndi mlamu wanga amene wapita ku Halale. Ulendo wachitatu ndinati mvula inandibweza nalo panjira. Loya anavula magalasi, kenaka anauza watayi kuti atseke fayilo mpaka pepala lidzabwere. Kunyumba ndinkanena kuti azungu akukana. Sanakane kanthu, Wilisoni. Sangakane chimene sanapemphedwe.

Ndiye Lachinayi, pamene unati maloya sataya kanthu, ndinamva ngati wandimenya ndi mwala wa sikelo. Ine mwini kusikelo ndimalemba chilichonse pawiri ndi kaboni, ngakhale dengu limodzi la masamba onyowa. Zaka zinayi osaganiza kuti anthu olipiritsa moni angakhale ndi linzake la pepala lawo! Mwina ndinaganiza, koma kufunsa kukadafuna kuti ndiyambe ndaulula. Pamenepo wandiposa nzeru, ndavomera. Koma pamene ukuti ukalitenge mwakachetechete, wabwerera pa uchitsiru wanga womwewo. Kachetechete ndiye watifikitsa pano. Ndipo taganiza, iwe wa Sitandade sikisi: ukabwera nalo m'thumba, manijala adzafunsa kuti lachokera kuti. Adzalembera maloya omwewo. Iwo adzatsegula bokosi, adzapeza mulibe, adzayang'ana kalaliki watsopano wochokera ku Nchilamwela. Malo apita, ntchito yapita, iwe uli kundende ya ku Zomba ukuphwanya miyala, atsibweni ako anyamula makasu. Usakatenge kanthu m'bokosi la eni. Ngakhale ulione ndi maso ako, dzina la agogo ako lili pamwamba, manja ako akhale kumbuyo.

Ofesi imeneyo imadya chifukwa cha chinthu chimodzi, chakuti anthu akufa anaikhulupirira. Bwana Chifuwa wakhala m'nthaka zaka khumi ndi zitatu, koma mawu ake anafika kwa khukhi wake chaka ndi chaka, operewera pang'ono, inde, koma anafika. Udzaona mawilo a anthu amene akuyendabe m'misewu, udzadziwa amene wamana mwana wake, amene ali ndi ana kumidzi osadziwika kwa dona, amene msonkho wake sukugwirizana ndi galimoto lake. Zimenezo ndiye za kachetechete. Usakazitengere kumowa, usakazilembe ngakhale kwa ine. Ine ndinasokoneza ziwirizi: ndinabisa zofunika kunena. Iwe usakanene zofunika kubisa. Ndipo tayi imene atsibweni ako akugulira ija uzivala, koma popita pakhonde uzipereka moni kwa okhala pansi.

Tsono chochita ndi ichi. Mu envulopu muno muli kalata ina yaing'ono, yopita kwa loya wa magalasi. Ndailemba m'Chinyanja, chifukwa m'Chingerezi ndikhoza kuzembanso. Ikunena kuti pepala lili m'manda, kuti ndinadziwa, kuti ndinanama katatu, ndipo ikupempha ngati ali nalo linzake, kapena ngati khoti limene linatsimikiza wilo lingatithandize Seputembala asanathe. Lachiwiri m'mawa, usanakhale pampando, ukaipereke m'manja mwake. Ukamuuze kuti wolembayo ndi bambo ako, kuti adziwe kuyambira tsiku loyamba kuti nkhaniyi ikukukhudza, ndipo ngati afuna aipereke kwa kalaliki wina. Akakuuza kuti umasulire, umasulire yonse. Pa mawu akuti "ndinanama" usakaike akuti "ndinasokonezeka." Ndikukudziwa, udzafuna kunditchinjiriza. Mwina akaseka, watayi ngati akadalipo akaseka ndithu. Mwina akaganiza kuti mwana wa wabodza ndi wabodza, ndipo ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu wolemera pa tsiku loyamba la ntchito. Mwinanso linzake kulibe. Sindikulonjeza kanthu. Koma ndi njira yokhayo yotsala imene sidutsa pamanda pa agogo ako. Atsibweni ako ndawapempha kuti makasu adikire mpaka yankho lifike, ndipo avomera masiku makumi atatu.

Mawa tikuperekeza pa Khonjeni ine ndi amayi ako. Pa siteshoni usayembekeze kuti ndinena zambiri, ndidzangokugwira dzanja. Kalatayi uitsegule sitima itanyamuka. Nthawi imene ukuwerenga mzere uno, ife tili panjira yobwerera, awiriwiri, ulendo wa maola anayi wapansi, ndipo ndikuwauza amayi ako za kuseri kwa nkhokwe ndi za misomali isanu ndi itatu. Asenza mlandu wanga zaka zinayi ndi miyezi inayi, kwakwana. Ndikudziwa kuti ndikangoyamba adzati, "Kwezani mawu, bambo a Wilisoni, sindikumva."

Ndidzakweza.

Ndine bambo ako,
Simeoni

M'kansalu kali m'thumba la jekete yako ndamangamo masheleni atatu ndi makobiri anayi, a yankho lawo. Ukatenge lisiti. Ndipo kansaluko sindinasokerere.